Tchetchani udzu pakhomo, musaulambule kapena kuutentha

Akuluakulu adati walira mvula walira matope, koma akadawonjezapo kuti waliranso udzu. Mvula yoyamba ikangogwa, chimanga chisanafike n'komwe m'mawondo, udzu umakhala utafika kale pakhonde. Kuno ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, Januwale akamafika timanjira topita kuchimbudzi, kubafa ndi kumjigo timakhala titatsekeka, moti mwana akatumidwa madzulo amayenda mtima uli m'mwamba.

Ambirife udzuwu timathana nawo m'njira zitatu. Ena timatenga khasu n'kulambula mpaka pabwalo pangoti mbee. Ena, ndalama zikapezeka, timapopera mankhwala opha udzu. Enanso timangousiya, n'kudzauyatsa moto ukauma. Njira yachinayi, yomwe ndi kutchetcha, timaiona ngati ntchito ya ana asukulu olakwa kapena ya akaidi. Sabata ino ndati tikambirane za njira yonyozekayi, chifukwa ndiyo imateteza nyumba, nthaka ndi anthu, bola igwiridwe mwadongosolo.

Bwanji osangolambula?

Bwalo losesedwa bwino limakongola, ndipo tonse tidakula tikudziwa kuti khomo la munthu waukhondo limaoneka ndi mizere ya tsache. Malo ophikira, osewerera ana ndi oyanikapo mpunga ayeneradi kukhala oyera. Koma taonani nyumba zakale m'mudzi mwanu. Zambiri maziko ake ali pamtunda, khonde lidasanduka lalitali ngati guwa, ndipo mizu ya mango ili poyera. Dothi lomwe lidali pamenepo lidapita kuti? Tsache limachotsa pang'ono m'mawa uliwonse, khasu limafewetsa lotsalalo, kenaka madzi otsika padenga la malata amadzakokolola lonse. Nyumba ya zidina ikafika pamenepo imangodikira mvula yamphamvu imodzi.

Dothi lokokolokalo ulendo wake umathera m'nyanja. Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Zonse zomwe mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe imabweretsa zimakhala momwemo. Ndi nyanja yosaya, ndipo akuluakulu akukumbukira mmene idaphwera mu 1968, mu 1995 komanso mu 2018, mabwato n'kukhala pamatope ouma, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Chachikulu chomwe chimaphwetsa nyanjayi ndi kuchepa kwa mvula, ndipo sindikunena kuti bwalo lanu lokha ndilo lingaikwirire. Koma nthaka yochoka m'minda, m'mapiri ndi m'makomo zikwizikwi ikakumana pansi pa nyanja yosaya kale, matemba, makumba ndi milamba zimasowa pokhala. Mu 1996 dambo la Chilwa lidalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Ife okhala m'mbali mwake tili ndi gawo lathu, ndipo limayambira pakhomo.

Kapinga ndi mlonda wa nthaka. Amayanga pansi, mizu yake imaluka dothi ngati mphasa, amapirira dzuwa la Okutobala, ndipo sadandaula kwambiri ndi nthaka yamchere ngati yathu ino. Akauma m'chilimwe musaganize kuti wafa: mvula ikangowaza amadzuka. Chomwe amafuna n'kumetedwa basi.

Yambani ndi chida

Ngozi zambiri za chikwakwa zimayamba ndi chikwakwa chobuntha. Chikakhala chosathwa munthu amamenya ndi mphamvu zonse, mkono umatopa msanga, ndipo chidacho chimadumpha pa udzu n'kukapeza mwendo. Chimaphwanyanso udzu m'malo moudula, n'chifukwa chake pakapita masiku awiri nsonga zake zimaoneka zofiira ngati zawauka.

Nolani mbali zonse ziwiri za kumapeto kopindikako ndi tupa kapena mwala wonolera. Chikwakwacho chitsamire pachipika, ndipo tupa muziikankha kuchoka kumene kuli thupi lanu. Pa ntchito yaikulu, tupa ikhale pafupi kuti muzinola mukamapuma.

Onaninso chigwiriro. Ngati misomali yake yayamba kugwedera kapena thabwa lang'aluka, konzani musanayambe. Ambiri amakulunga ndi mphira ya chubu cha njinga, ndipo ndi nzeru yabwino: imachepetsa matuza komanso chikwakwa sichipulumuka m'manja mukatuluka thukuta. Chikwakwa chopulumuka chimauluka ngati mkondo, ndipo sichisankha pogwera.

Chida chilichonse chili ndi ntchito yake. Chikwakwa n'cha udzu wofewa. Zitsamba zokhwima ndi timitengo n'za chikwanje. M'mbali mwa khoma, mwa maluwa ndi mwa timitengo tomwe mudadzala, gwiritsani zenga kapena zulani ndi manja. Mitengo ina yomwe timadzala mwezi wa Disembala simafa ndi chiswe ayi, imadulidwa ndi chikwakwa mu Febuluwale. Zikani kamtengo kooneka bwino pambali pa mbande iliyonse udzu usanaikwirire.

Yendanimo kaye

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanamenye udzu ngakhale kamodzi, yendani m'malo monsemo muli ndi ndodo yaitali. Tolani miyala, zidutswa za njerwa, mabotolo osweka, mawaya, zitini, ndipo kuno kunyanja musaiwale mbedza ndi zidutswa za maukonde. Kamwala kogundidwa ndi chikwakwa kamatha kuboola diso la mwana yemwe waima chapatali, kapena kuswa galasi la pawindo. Dziwaninso pomwe pali zitsa, maenje, paipi ya madzi kapena waya wa sola.

Ndodoyo muzimenya nayo udzu ndi pansi patsogolo panu. Njoka zambiri zikamva kugunda kwa nthaka zimathawa zokha, choncho zipatseni mpata. Yambirani kutchetcha pafupi ndi nyumba n'kumapita kutchire, kuti chilichonse chobisala chithawire kutali, osati m'nyumba. Mukayambira kutchire ndiye kuti mukuzikusira pakhomo panu.

Koma pali mphiri. Iyi sithawa kawirikawiri: imangokhala phee, kudalira khungu lake lofanana ndi masamba ouma, ndipo imaluma munthu akaiponda kapena akaiyandikira kwambiri. Madzi a m'nyanja akakwera, monga adachitira pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, makoswe ndi achule amasamukira kumtunda, ndipo njoka zimawatsatira. Kumtundako ndi kumene kuli makomo athu.

Poyendapo yang'ananinso zisa za mavu m'zitsamba, mzere wa linthumbu, ndi chitedze. Ndipo musanatchetche chilichonse, aitaneni mayi a pakhomo adzaone. Zomwe bambo amaziona ngati tchire, mayi amaonamo bonongwe, chisoso, luni ndi denje. M'miyezi ino ndiwo zimenezi si zoseweretsa.

Valani ngati mukupita kuntchito

Kabudula ndi patapata si zovala zotchetchera. Valani buluku lalitali lokhuthala ndi majombo. Ngati mulibe majombo, bwerekani, kapena valani nsapato zotseka ndi masokosi. Mbali yomwe imavulala kwambiri ndi kuyambira m'bondo kutsika, kaya ndi chikwakwa kaya ndi njoka. Amayi otchetcha amange chitenje molimba kuti chisakole chida. Chipewa n'chofunika, ndipo amene ali ndi magalasi avale.

Nthawi yabwino ndi m'mawa kutayera bwino, kapena madzulo dzuwa litapepa koma kusanade. Udzu wa m'mawa umakhala wofewa ndipo umadulika mosavuta. Masana kuno kuchigwa dzuwa limaswa mtengo, ndipo munthu wotopa ndiye amadzitema. Imwani madzi, pumani pamthunzi. Kukayamba kung'anima ndi kugunda, ponyani chikwakwa pansi mulowe m'nyumba. Pabwalo poyera kapena pansi pa mtengo si malo oima nthawi ya mphenzi. Ndipo amene walawako kachasu asagwire chikwakwa tsiku limenelo.

Katchetchedwe kake

Imani motangadza pang'ono, mawondo opindika pang'ono, mwendo wa mbali yomwe chikwakwa chikuthera ukhale kumbuyo. Mphamvu ichokere m'chiuno ndi paphewa, osati pamfundo ya dzanja. Chikwakwa chakuthwa chimadula popita ndi pobwera, choncho sipafunika kumenya ngati mukupha njoka. Kumapeto kopindikako kuziyenda mofanana ndi nthaka, osakumba pansi. Mukaona fumbi kapena dothi likuuluka, dziwani kuti mwasiya kutchetcha, mwayamba kulima.

Tengani mzere umodzi, muumalize, mubwerere. Dzanja lomwe silikugwira ntchito likhale kumbuyo. Pamalo otsetsereka yendani chopingasa, osati chotsika. Mukakhala awiri kapena atatu, musatsatane pafupi ndipo musayang'anizane. Siyani mapazi osachepera khumi pakati panu. Ana, nkhuku ndi agalu akhale kutali. Mwana wamng'ono sadziwa kuti chikwakwa chimabwereranso kumbuyo, ndipo amabwera mwakachetechete kudzakuuzani kuti phala lapsa.

Mukamaliza, pukutani chikwakwa, chipakeni timafuta, chisungeni pamwamba pomwe ana safikira. Chosiyidwa mu udzu chimadikira phazi la munthu.

Musamete mpala

Akatswiri a kapinga ali ndi lamulo losavuta: pa ulendo umodzi musachotse koposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu. Chifukwa chake n'chakuti masamba ndiwo khitchini ya chomera. Mukawachotsa onse nthawi imodzi, mizu imafooka, nthaka imakhala poyera, dzuwa limaiwotcha, ndipo zomwe zimamera pamenepo ndi dawe ndi minga. Kapinga amasangalala akatsala wotalika ngati zala ziwiri kapena zitatu zogoneka, masentimita 3 mpaka 5.

Izi zikutanthauza kutchetcha pafupipafupi: m'dzinja sabata iliyonse kapena masabata awiri, m'chilimwe mwa apo ndi apo. Zikumveka ngati ntchito yambiri, koma yesani muone. Udzu waufupi umatha ndi mphindi zochepa, pomwe wofika m'chiuno umadya tsiku lonse ndi msana womwe. Ngati wakula kale, dulani kawiri: lero pakati, kuti muone zomwe zili pansi, kenaka patapita masiku angapo mutsitse. Kutchetcha udzu usanabereke kumachepetsanso mbewu zake, ndipo kapinga amapeza mpata woyanga n'kupitikitsa udzu wina.

Ngozi ikachitika

Mukadzitema, tsukani bala ndi madzi aukhondo ambiri ndi sopo, tsinikizani ndi kansalu koyera mpaka magazi aleke, ndipo pitani kuchipatala. Musathire dothi, phulusa, ndowe kapena fodya. Kafumbata sachokera mu dzimbiri monga ambiri amanenera. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda bala lakuya lakuda. Kuchipatala akauzeni ngati mudalandirapo katemera wake ndiponso liti.

Njoka ikaluma munthu, chokani naye pamalopo, mukhazikeni mtima pansi, ndipo asathamange. Vulani mphete, zibangili ndi chilichonse chothina chiwalo chisanatupe. Mwendo kapena mkono wolumidwawo usagwedezeke. Umangirireni mosathinitsa ku kathabwa ngati mmene timachitira ndi fupa lothyoka, ndipo munyamuleni. Musamange chingwe kapena mphira mothinitsa pamwamba pa bala: poizoni wa mphiri amawononga minofu, ndipo kutseka magazi kumangofulumizitsa kuola kwa chiwalo. Musateme mphini, musayamwe bala, ndipo musataye nthawi kusaka njokayo. Ikakhala njoka yolavulira m'maso, tsukani masowo ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, osatikita, kenaka kuchipatala.

Nkhani ya njoka si yaing'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse atalumidwa ndi njoka, ndipo mu 2017 lidaika vutoli m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha. Kuchoka ku Kachulu kukafika ku chipatala chachikulu cha Zomba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ndipo msewu wake m'dzinja mukuudziwa. Ola lomwe lingathere pa mankhwala a zitsamba ndi lomwe likadamufikitsa wodwala m'manja mwa madokotala. Nambala ya wanjinga yamoto wodalirika ikhale m'foni mwanu.

Zoona zake za udzudzu

Tidaphunzitsidwa kuti kutchetcha kumathetsa malungo. Pali choonadi pang'ono: udzudzu wina umapuma m'tchire lonyowa masana. Koma suswana mu udzu. Udzudzu wa anofelesi umaikira mazira m'madzi odikha: m'zithaphwi, m'mapazi a ng'ombe, m'maenje oumbira njerwa ndi m'minda ya mpunga, ndipo kukamatentha dzira limasanduka udzudzu wouluka m'sabata imodzi kapena ziwiri. Phindu la kutchetcha n'lakuti limaonetsa poyera timaenje, zitini ndi zigoba zosunga madzi kuti muzikwirire kapena kuzitaya. Munthu asanyengeke kuti poti pakhomo patchetchedwa ndiye kuti neti ikhoza kupita kudimba kapena kukakokera matemba. Dera ngati lathu, lozunguliridwa ndi dambo, kugona m'neti usiku uliwonse n'kosakambirana.

Kwa amene ali ndi makina

Makina otchetchera adapangidwa koyamba mu 1830 ndi Edwin Budding wa ku England, atatengera nzeru ku makina ometa ubweya wa nsalu m'fakitale. Lero mukapita m'tauni ya Zomba mumva kulira kwa makina a petulo m'mipanda ya anthu ndi m'mabwalo a masewero, ndipo achinyamata ena apeza nawo ganyu. Awerengi omwe mumawagwiritsa ntchito, kumbukirani kuti makina amaponya mwala mwamphamvu kuposa chikwakwa. Magalasi oteteza maso ndi majombo n'zosasiya, ndipo anthu ena atalikire mamita 15. Makina amafuna udzu wouma, mame atakamuka. Musathire petulo injini ili yotentha kapena ikulira. Udzu ukatsekera, zimitsani ndipo zulani waya wa pulagi musanapisemo dzanja. Lamulo la msinkhu wa udzu ndi lomwe lija.

Udzu wotchetchawo ndi chuma

Ndi mtengo wa feteleza wa masiku ano, kutentha udzu n'chimodzimodzi kutentha ndalama. Wofupikira usiyeni pomwepo, uwolerana n'kudyetsa kapinga. Wautali usonkhanitseni ndi ndodo ya mphanda, osati ndi manja. Uphimbireni m'dimba la tomato ndi mpiru kapena patsinde pa nthochi kuti chinyezi chisathawe msanga. Wina sanjikizani m'dzenje pamodzi ndi ndowe, phulusa pang'ono ndi madzi, muzitembenuza, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mukhala ndi manyowa. Mbuzi ndi akalulu nazo zimadya, bola udzuwo ukhale wosapoperedwa mankhwala. Mulu wa udzu usakhale pafupi ndi khoma la nyumba, chifukwa umaitana makoswe, chiswe ndi njoka zomwe mumathamangitsa zija.

Tsekera wofolera nyumba yekha musiyeni akhwime kumalo kwake, adzamwetedwe nthawi yake ikakwana. Koma pakati pa tchire limenelo ndi nyumba, nkhokwe kapena khola, pakhale mpata wotchetchedwa bwino. Moto wolusa wa m'chilimwe, ukakumana ndi mphepo ya kunyanja, sufunsa kuti adauyatsa ndani, ndipo denga la udzu limatha m'kanthawi kochepa.

Za mankhwala opopera, ndingoti amapha kapinga pamodzi ndi ndiwo zomera zokha, n'kusiya nthaka yambee yomwe tayamba nayo ija. Pakhomo pomwe ana amakwawa, nkhuku zimatola, ndipo madzi a mvula amatsikira kuchitsime ndi kunyanja, si malo ake.

Ana ndi aganyu

Monga mphunzitsi, chimandikhudza n'chakuti ana athu ambiri amakumana ndi chikwakwa koyamba ngati chibalo. Wachedwa, katchetche. Walongolola m'kalasi, katchetche. Mwana amapatsidwa chida chobuntha, alibe nsapato, dzuwa lili paliwombo, ndipo palibe womuonetsa kagwiridwe kake. Akakula amadana nayo ntchitoyi, ndipo akamanga banja amasankha khasu kapena machesi. Aphunzitsi anzanga ndi makolo, tiyeni tiiphunzitse ngati luso, monga timaphunzitsira kupalasa bwato kapena kuwokera mpunga: wamkulu ali pomwepo, ana atalikirana, malo ayenderedwa kale. Ana aang'ono a ku pulayimale asagwire chikwakwa. Iwo atole zinyalala wamkulu atamaliza.

Mu Novembala 2020 boma lidakhazikitsa tsiku loyeretsa m'dziko muno, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Kaya kwanuko likutsatidwa kaya lidazilala, ganizo lake ndi labwino, ndipo mafumu ndi makomiti a m'midzi angathe kuligwiritsa ntchito potchetcha njira za kumjigo, kusukulu, kuchipatala ndi kudoko. Mutu umodzi susenza denga: mukatchetcha kwanu koma kwa aneba kuli tchire, mphiri sidziwa malire.

Mukalemba waganyu, gwirizanani mtengo asanayambe, muonetseni pomwe pali mbande, maenje ndi mapaipi, mubwerekeni majombo ngati muli nawo, ndipo mupatseni madzi akumwa. Miyezi ino ambiri ogwira ganyu amabwera m'mimba muli pululu. Akavulala pakhomo panu, udindo womuthamangitsira kuchipatala ndi wanu.

Loweruka likubwerali, nolani chikwakwa, tengani ndodo, yendani pakhomo panu. Pomwe pali poyera ndipo madzi ayamba kukumba ngalande, kazuleni timizere ta kapinga kwa aneba mudzale motalikirana chikhatho chimodzi. Mvula ikadalipo, agwira msanga. Sabata ya mawa tidzakambirana za kasamalidwe ka zitsime ndi madzi akumwa nyengo ino ya kolera.